Asamize mafunde a Batoka pofuna magetsi

Mtsinje wa Zambezi ukangogwa pa mathithi a Mosi-oa-Tunya, madzi onse amene anatambalala mamita oposa 1,700 amapanikizika m'phompho lopapatiza la miyala yakuda, n'kuyamba kuthamanga mokhotakhota m'chigwa cha Batoka. Pansi pa mlatho wa njanji womangidwa mu 1905, pamalo otchedwa Boiling Pot, ndi pamene alendo amavala zipewa zolimba ndi majekete oyandamitsa, kugwira nkhafi, n'kukwera mabwato a mphira. Masewerawa anayamba mu 1981 pamene kampani ya ku America ya Sobek inatsika mtsinjewu koyamba, ndipo mtsogoleri wa dziko la Zambia pa nthawiyo, Kenneth Kaunda, anapita yekha kukatsazika opalasa ake. Lero maboma a Zambia ndi Zimbabwe akufuna kumanga damu lalitali mamita 181 m'chigwa chomwechi, makilomita pafupifupi 50 kumunsi kwa mathithi, loti lizipanga magetsi okwana mamegawati 2,400. Maganizo anga ndi akuti damuli lisamangidwe, chifukwa chimene chidzamire n'chodziwika pomwe phindu lake likudalira mvula imene yasiya kudalirika.

Tiyambe ndi chimene chilipo. Zigawo za mafunde akuluakulu m'chigwachi n'zoposa 20, ndipo chilichonse chili ndi nambala ndi dzina. Cha nambala 5 amachitcha Stairway to Heaven, pamene bwato limatsetsereka mwadzidzidzi n'kukumana ndi funde lalitali kuposa munthu. Cha nambala 9, Commercial Suicide, n'choopsa moti alendo amatsika n'kuyenda pamiyala, bwato n'kudutsa lopanda anthu. Cha nambala 18, Oblivion, chimadziwika ndi kugubuduza mabwato. Wotsogolera amakhala kumbuyo, maso ali pamadzi, akufuula kuti palasani, lekani, gwirani chingwe, ndipo kutsogolo kumakhala mnyamata m'kabwato ka munthu mmodzi wodikira kuvuula aliyense wagwa. Luso limeneli silipezeka m'kalasi. Ambiri mwa otsogolerawa ndi ana a ku Livingstone, a ku Victoria Falls ndi a m'midzi yozungulira, monga ya kwa Mfumu Mukuni, ndipo ena anayamba ngati onyamula katundu, kusenza bwato lophwetsedwa ndi nkhafi kukwera phompho la mamita oposa 100 dzuwa lili paliwombo. Kumbuyo kwao kuli oyendetsa galimoto, ophika, ojambula, ogulitsa ziboliboli ndi eni malo ogona, amene amapindula mlendo akawonjezera tsiku limodzi chifukwa cha mtsinje.

Wina anena kuti izi ndi zosangalatsa za alendo olemera, ndipo n'kulakwa kuziyerekeza ndi magetsi a m'zipatala, m'migodi ndi m'nyumba za anthu mamiliyoni. Mfundoyi ndi yolemera, ndipo aliyense amene anaonapo chigayo chitaima kapena mankhwala akuwonongeka m'firiji sangaipeputse. Koma funso lenileni ndi lakuti kodi damuli lidzabweretsa magetsi pa nthawi imene akusowa? Mu 2024 chilala chinagwetsa madzi a m'nyanja ya Kariba moti mbali ya Zambia inatsala ndi makina opangira magetsi amodzi okha mwa asanu ndi amodzi, ndipo madera ena ankakhala maola 21 pa tsiku opanda magetsi. Dziko la Zambia limapeza magetsi oposa 80 peresenti kuchokera ku madzi, ndiye vuto silinali kuchepa kwa madamu koma kuuma kwa mitsinje. Batoka ili pa Zambezi yemweyo, kumtunda kwa Kariba, ndipo chigwa chake n'chopapatiza moti sichingasunge madzi a zaka zingapo monga imachitira Kariba. Makina ake adzadalira madzi amene akubwera nyengo imeneyo, ndipo pa mathithi madzi a mu Novembala amakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a madzi a mu Epulo. Mamegawati 2,400 amene amatchulidwa m'misonkhano ndi a nthawi ya madzi ambiri. Mu Okutobala wa chaka cha chilala, damu la Batoka lidzafooka tsiku lomwelo limene Kariba yafooka. Ifenso ku Malawi tikudziwa kuopsa kodalira mtsinje umodzi: namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa Shire mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 usiku umodzi.

Okonza ntchitoyi, motsogozedwa ndi Zambezi River Authority, amati m'chilimwe adzatsitsa madzi a m'damu kuti zigawo zoyambirira za mafunde zitsale. Koma kunena zimenezi n'kuvomera kuti zigawo za kumunsi zidzamira, ndipo n'zimene zimagwiritsidwa ntchito madzi akachuluka, pamene za kumtunda zimatsekedwa chifukwa cha kuopsa. Ulendo wa tsiku lathunthu udzasanduka wa maola ochepa, wa miyezi yochepa. Komanso ndani adzatsitse madzi dala m'chaka chimene mizinda ili mu mdima? Lonjezo lotere limasungidwa pokhapokha pamene kulisunga sikupweteka aliyense. Zimene zinachitika ku Uganda zikutiphunzitsa. Damu la Bujagali litatsegulidwa mu 2012 linamiza mafunde otchuka a mtsinje wa Nile pafupi ndi Jinja, opalasa anasunthira kumunsi, kenako damu la Isimba mu 2019 linamizanso ena. Funde likamira silibwerera.

Ena amati nyanja yatsopanoyo idzabweretsa alendo ake, a mabwato a injini ndi owedza. Koma Kariba ilipo kale, yaikulu kwambiri, ndipo palibe amene angakwere ndege kuchokera kutali kudzaona kanyanja kopapatiza pomwe nyanja zotere zili ponseponse. Chimene Batoka ali nacho, madzi ofunda, ochuluka ndi aukali pansi pa mathithi amene UNESCO inawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 1989, n'chosowa pa dziko lapansi. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Atonga pafupifupi 57,000 amene anasamutsidwa pomanga Kariba kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 analonjezedwa zambiri, koma midzi yawo yambiri inakhala zaka makumi osaona nyale ya magetsi.

Pali dandaulo limodzi limene ndikulivomereza kwathunthu: phindu la masewerawa siligawidwa mwachilungamo, ndipo amene amasenza katundu wolemera kwambiri ndi amene amalandira zochepa. Limeneli ndi vuto lofuna malamulo a malipiro, ziphaso zokomera eni dera ndi gawo la ndalama lopita ku midzi. Kumiza chigwa sikungakweze malipiro a wonyamula katundu, kungomulanda ngakhale zochepazo.

Mgwirizano womanga damuli umene unaperekedwa mu 2019 kwa makampani a General Electric ndi PowerChina unathetsedwa, ndipo maboma awiriwa akufunafuna omanga ena. Umenewu ndi mpata woganizanso. Ntchitoyi ikuyembekezeka kudya ndalama zoposa madola 4 biliyoni ndi zaka zambiri zomanga, pomwe malo opangira magetsi a dzuwa amatha m'chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo amapanga kwambiri m'miyezi yomweyo imene mitsinje yaphwa. Magetsi a dzuwa akamagwira ntchito masana, Kariba imasunga madzi ake kuti iwagwiritse ntchito usiku. Aphungu a ku Lusaka ndi ku Harare afunse poyera kuti damu la Batoka likanapanga magetsi angati mu Okutobala 2024, ndipo asavomere ngongole iliyonse yankho lisanaperekedwe kwa anthu.