MAKHONSOLO ATSEGULE KHOMO LA PA INTANETI KWA OLEMALA

Masiku ano zidziwitso za Khonsolo sizikhomedwa pa bolodi la ku Boma pokha ai. Nkhani za mapuloti, misonkho ya nyumba, malaisensi a malonda ndi malo a nchito zimaikidwanso pa webusaiti ndi pa Facebook. Cimeneci ndi citukuko ndithu, pakuti munthu wa kumudzi salipiranso galimoto kuti akawerenge pepala limodzi. Koma makhonsolo onse 116 a m'dziko lino ayenera kudzifunsa ngati munthu wosaona kapena wosamva angathe kulowa pa khomo latsopanoli.

Funsoli lakula cifukwa ca ndalama za CDF, zimene zimapitira m'makhonsolo. M'caka ca 2021 dera la phungu aliyense linali kulandira K1.6 miliyoni, mu 2022 Boma linakweza ndalamazo kufika pa K25.7 miliyoni. M'thumba limeneli ndimo mucokera fizi ya ana a sekondale ogonera pa sukulu, ya acinyamata ophunzira nchito za manja, ndiponso ngongole za makalabu. Zonsezi ziri ndi tsiku lotsekera, ndipo amene sanamve m'nthawi yace ataya mwai wa caka cathunthu. Otsala m'mbuyo motere sali owerengeka: kafukufuku wa Boma wa 2015 anapeza kuti mwa akulu 100 alionse, pafupi-fupi 11 ali ndi cilema.

Bvuto lalikulu liyambira mu ofesi. Munthu wosaona amagwiritsa nchito pulogalamu imene imamuwerengera mokweza zolembedwa pa foni kapena pa kompyuta, monga TalkBack ya mafoni a Android kapena NVDA imene ndi yaulere. Pulogalamuyi imawerenga malemba, koma kawiri-kawiri malemba a m'cithunzi siiwawerenga bwino. Tsono kalaliki akataipa cidziwitso, nacisindikiza, nacidinda cidindo, kenaka nkucijambula ndi kuika cithunzico pa intaneti, woona aona kalata, pamene wosaona kawiri-kawiri angomva liu lakuti pali cithunzi. Tsiku lotsekera liri pamaso pace, koma iye salidziwa.

Zopinga zina nzofanana ndi cimeneci. Fomu yopanda maina pa mabokosi ace siuza wosaona polemba dzina ndi polemba nambala ya citupa. Malemba otuwa ndi ang'ono amasautsa nkhalamba ndi anthu acialubino. Kanema wa msonkhano wa Khonsolo wopanda mau olembedwa m'munsi, kapena womasulira cinenero ca manja, ndi wacabe kwa wosamva. Wolemala manja naye amakanika ngati tsambalo siliyenda ndi mabatani okha.

Kukonza zimenezi si cifundo ai, koma lamulo. Mu 2010 dziko la Zambia linabvomereza pangano la United Nations la maufulu a olemala, limene ndime yace ya 9 ichula intaneti mwacindunji. Mu 2012 Nyumba ya Malamulo inapanga Lamulo la Anthu Olemala, ndipo mu 2023 linabwera lamulo lopatsa nzika ufulu wolandira nkhani kucokera ku maofesi a Boma. Ufuluwo ulibe phindu ngati nkhani yaperekedwa m'njira imene mwini wace sangathe kuiwerenga.

Njira zace nzodziwika kale. Malangizo a dziko lonse lapansi ochedwa WCAG anatuluka mu 1999 ndipo anakonzedwanso mu 2023, ndiponso zambiri mwa zimene afuna sizilira ndalama. Kalaliki aike mau amene anataipa pamodzi ndi cithunzi ca kalata yodindidwa. Cithunzi ciriconse cikhale ndi mau ocifotokoza. Khonsolo ikamalemba kampani yopanga webusaiti, malangizowa alowe m'cipangano ndalama zisanalipidwe. Nchito ikatha, aiyese ndi olemala eni ace kupyolera ku bungwe la Boma la ZAPD, kapena ndi aphunzitsi a masukulu monga la Magwero pafupi ndi Chipata. Wailesi ndi makomiti a citukuko a m'mawadi zipitirizebe kulengeza, cifukwa ambiri alibe foni ya intaneti.

Makhonsolo ena anamanga kale njira za njinga za olemala pa makomo a maofesi ao. Tsono abwanamkubwa ndi alembi a makhonsolo acite cimodzi-modzi pa intaneti, mafomu a caka camawa asanatuluke.