Chaka chokaphunzira kunja: banja liyeze zinthu izi lisanavomere

Chaka chilichonse, omaliza maphunziro pa yunivesite ya Mzuzu ku Luwinga, pamodzi ndi aphunzitsi ndi anamwino a mumzindawu, amadzaza mafomu ofunsira mwayi wokaphunzira kunja. Ena mwa iwo ndi ana a mabanja a m'mbali mwa nyanja, ku Nkhata Bay, Nkhotakota ndi Salima, ndipo malipiro awo ndi amene amagula mankhwala a makolo ndi kulipira fizi ya azing'ono awo. Munthu wotere akachoka chaka chathunthu, khomo lonse limamva.

Mipata ilipo ndithu. Chevening ya boma la Britain imalipira digiri yachiwiri ya chaka chimodzi, koma imafuna amene wagwirapo ntchito zaka ziwiri ndipo wavomera kudzabwerera kwawo kwa zaka ziwiri. Türkiye Bursları imalandira mafomu mu Januwale ndi Febuluwale, koma wophunzira amayamba ndi chaka chophunzira chiyankhulo cha ku Turkey, choncho ulendowo suthera chaka chimodzi. Islamic Development Bank imathandiza ana a Asilamu a m'maiko ngati Malawi ndi ngongole yopanda chiwongoladzanja, yobweza akayamba ntchito. Banja lidziwiretu ngati thandizolo ndi mphatso kapena ngongole.

Choyamba kuyeza ndi ndalama. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo madola akhala akusowa m'mabanki. Amene adasungira tikiti ya ndege m'makwacha adapeza ndalama zawo zitaperewera tsiku limodzi. Werengeranitu m'madola zonse zimene sikolashipu sikulipira, ndipo musadalire katapira. Kumbukiraninso kuti ndege yopita kunja mukaikwerera ku Lilongwe, makilomita oposa 300 kuchokera ku Mzuzu.

Chachiwiri ndi zikalata. Kumayambiriro kwa 2024 boma lidaimitsa kusindikiza mapasipoti kwa masabata angapo makompyuta a Immigration atasokonezedwa. Mu Ogasiti 2025 dziko la America lidalamula kuti Amalawi ofuna viza yokacheza kapena ya bizinesi azipereka chikole chofika madola 15,000. Lamulolo silidali la ophunzira, koma likusonyeza kuti khomo lotseguka lero likhoza kutsekeka mawa. Pasipoti ikonzedwe msanga, ndipo ntchito isasiyidwe viza isanatuluke. Wantchito apemphe tchuthi cha maphunziro cholembedwa papepala.

Chachitatu ndi mtendere wa kumene mukupita. Nkhondo itabuka ku Sudan pa 15 Epulo 2023, ophunzira a ku Malawi amene adali ku Khartoum adathawitsidwa maphunziro ali pakati. Funsani ngati zimene mwaphunzira zingavomerezedwe pa sukulu ina zinthu zitavuta, komanso ngati National Council for Higher Education idzaizindikira digiriyo mukabwerera.

Chachinayi, chomwe ambiri amachisiyira kumapeto, ndi anthu otsala. Chisilamu chimalimbikitsa kufunafuna maphunziro, koma udindo wa mwamuna wodyetsa ndi kuveka mkazi ndi ana suima chifukwa wakwera ndege. Mkazi afunsidwe maganizo mafomu asanatumizidwe, osati kungouzidwa tikiti itagulidwa. Ngati makolo ndi okalamba, abale akhale pansi agwirizane amene adzawaperekeza kuchipatala ndi amene adzalipire aganyu kumunda wa mpunga. Wopitayo afufuzenso za mzikiti, chakudya cha halaal ndi kutalika kwa usana m'mwezi wa Ramadhan kumeneko.

Mayankho a mafunso anayiwa akakhala omveka, swalini istikhara ndi kupita ndi mtima umodzi. Limodzi likakhala lopanda yankho, kudikira si kulephera. Chevening ndi Türkiye Bursları zimatsegula mafomu chaka ndi chaka, pomwe mayi wodwala sangaimitse matenda kudikira mwana wake.