Alembi Acinyamata Asasiyidwe Okha

M'matauni a ku Migodi, makamaka ku Kitwe ndi ku Ndola, muli anyamata ndi atsikana amene ayamba kulemba nkhani zazitali zopeka m'makope a sukulu ndi pa mafoni. Cimene afuna n'cakuti anzao a msinkhu wao awerenge za moyo umene audziwa, wa ku Wusakile, ku Chimwemwe, ku Chifubu ndi ku Masala. Colinga cimeneci n'cabwino, koma mabvuto amene acitsekereza ndi akulu.

Bvuto loyamba ndi nchito yeniyeniyo. Nthano ya pamoto imatha usiku umodzi, pamene buku lifuna miyezi yambiri ya kulemba, kufafaniza ndi kulembanso. Munthu wa m'nkhani amene anali wamantha pa mutu waciwiri sangasanduke ngwazi pa mutu wacitatu popanda cifukwa comveka. Mlembi amene akonzekeranso mayeso a ku sekondale amatopa msanga ngati palibe wamkulu womuwerengera zolembazo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma wodekhayo afunanso womulimbitsa mtima.

Laciwiri ndi cinenero. Mwana wobadwira ku Kitwe kwa makolo a ku Chipata kapena ku Petauke amamva Cinyanja panyumba, Cibemba mumseu ndi Cizungu m'kalasi. Ambiri amathawira ku Cizungu poganiza kuti zinenero zakwao sizingasenze buku. Maganizo amenewa ndi olakwika. Stephen Mpashi anatulutsa Cekesoni Aingila Ubusoja m'Cibemba mu 1950, ndipo Julius Chongo, mwini wa Fumbi Khoboo!, anakopa anthu ndi Cinyanja pa wailesi m'pologalamu ya Poceza m'Madzulo.

Lacitatu ndi kusindikiza. Bungwe la mabuku la Northern Rhodesia ndi Nyasaland, lokhazikitsidwa mu 1948, linkatulutsa nkhani m'zinenero za kuno. Ufulu utabwera, nchitoyi inapitirira pansi pa Kenneth Kaunda Foundation ya mu 1966 ndi kampani yake ya NECZAM, m'malo mwake tsopano muli Zambia Educational Publishing House. Mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975, ndalama zakunja zogulira mapepala zinasowa, ndipo osindikiza anatsamira pa mabuku a m'kalasi amene msika wake ndi wotsimikizika. Acinyamata ofuna nkhani za msinkhu wao anadalira timabuku ta Pacesetters, timene kampani ya Macmillan inayamba kutulutsa mu 1977, ndipo tambiri tinalembedwa ndi anthu a maiko ena monga Nigeria ndi Kenya.

Luso lilipo m'dziko muno. Ellen Banda-Aaku analandira mphotho ya Macmillan mu 2004 cifukwa ca buku la ana la Wandi's Little Voice. Mubanga Kalimamukwento anatulutsa The Mourning Bird mu 2019, nkhani ya mtsikana wamasiye wa mu Lusaka, atapambana mpikisano wa ku South Africa. Codandaulitsa n'cakuti onse awiri anayamba kuzindikiridwa ndi akunja.

Cigawo ca Migodi cili ndi mbiri yoyenera kucicititsa manyazi cikagona. Ku Mindolo kunatsegulidwa Africa Literature Centre mu 1959 yophunzitsa alembi ndi atolankhani, ndipo ku Ndola a Mission Press anayamba kusindikiza mu 1970. Motero Unduna wa Maphunziro uyenera kuika nkhani zatsopano za Cinyanja ndi Cibemba pa mndandanda wa mabuku owerengedwa m'sukulu, pakuti osindikiza amatsata kumene kuli msika. Makhonsolo a Kitwe ndi Ndola apereke malo m'nyumba zao zowerengera mabuku kuti alembi azikumana ndi kukonzerana zolemba. Aphunzitsi awerenge makope amene ana awapatsa, ndipo makolo aleke kuyesa kulemba ngati ulesi.

Kwa alembi acinyamata, langizo ndi limodzi: amalize buku limene anayamba. Wosindikiza sangalandire nkhani imene inaimira pakati.