Thangata wa pa foni

Mkangano wokhudza ma adimini tikuugwira kumchira, ndipo wanditopetsa. Pano pa Chiradzulu Boma, tsamba la Facebook likatsekedwa kapena nambala ya woyendetsa gulu la WhatsApp ikaletsedwa, mawu a pamsika ndi amodzimodzi: "Anamutuma ndani? Kampani ndi ya eni ake." Ine ndinene pachiyambi pomwe: pakati pa adimini wongodzipereka ndi eni makampaniwa, wolakwiridwa ndi adimini.

Anthu a boma lino sitiyenera kuvutika kumvetsa zimenezi. Kuthangata kunali kuthandizana mwaufulu, mnzako akamalima kapena akamamanga nyumba. Eni minda ya atsamunda, monga a A.L. Bruce ku Magomero, anatenga liwu lokomalo nkulisandutsa lendi: ukufuna kukhala pamalopa, ugwire ntchito mwezi kapena iwiri, kawirikawiri nyengo ya mvula pomwe munda wako ukudikira khasu. Ichi ndi chimodzi mwa zomwe zinawawitsa mtima John Chilembwe wa ku Mbombwe mpaka kuukira pa 23 Januwale 1915. Pa foni palibe chikoti, zoona. Koma kagawidwe ndi komweko: thukuta ndi la wolima, malo ndi mawu omaliza ndi za mwini.

Pali mphunzitsi wina pano amene amayendetsa gulu la anthu a kwawo. Usiku wina munthu anaponyapo chithunzi cha ngozi, nkulemba dzina la womwalira achibale asanauzidwe. Mphunzitsiyo anadzuka, anachotsa chithunzicho, anaimbira woponyayo nkumudzudzula mwaulemu, kenako anapepesa kubanjalo. Bandulo anagula ndi ndalama zake, ndipo kutacha anali m'kalasi choko chili m'manja. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula phiri nkukokolola mudzi wa Ntauchira kwa Mfumu Likoswe, ndi anthu ngati ameneyu omwe ankapeta mauthenga, kupatula zoona ndi mphekesera, pomwe abale a ku Blantyre ndi ku Joni ankafunsa za anthu awo.

Ntchito imeneyi kampani siingaigwire ngakhale itafuna. Kuyambira 2016, mauthenga a pa WhatsApp amakhala otsekeredwa moti kampaniyo imanena yokha kuti siingawawerenge. Ndiye mlonda wa tsiku ndi tsiku ndi adimini basi. Ndipo chipongwe cha m'Chichewa, chophimbidwa ndi mwambi kapena chosakaniza ndi Chilomwe, amachimva ndi munthu wa konkuno.

Otsutsa ali ndi mfundo zitatu. Amati palibe anamukakamiza, amati makina osungira mauthenga amalipirira ndi kampani, amatinso ma adimini ena ndi ankhanza, amachotsa aliyense wotsutsa chipani chawo kapena tchalitchi chawo. Yachitatuyi ndi yoona, ndipo adimini wotero mamembala amuchotse kapena amuthawe. Koma nyakwawa mmodzi akakhotetsa mlandu sitinena kuti bwalo lithe. Za kulipirira makina, tisaiwale kuti Facebook inagula WhatsApp mu 2014 pamtengo wa madola pafupifupi 19 biliyoni. Inkagula chiyani? Inkagula anthu osonkhana, ndipo anthu sakhalitsa pabwalo lodzaza zotukwana ndi akuba. Woyeretsa bwalo ndiye wosunga chuma cha mwini. Mfundo ya "palibe anamukakamiza" ndiyo yofooka kuposa zonse. Adzukulu okumba manda sawalemba ntchito, koma palibe mudzi wanzeru umene umawanyoza.

Zomwe zinachitika pa tsamba la pa intaneti la Reddit zikuonetsa kumene nkhaniyi imathera. Pa 12 Juni 2023, magulu oposa 7,000 anatseka zitseko pokwiya ndi mitengo yatsopano imene inapha mapulogalamu omwe oyang'anira ankagwiritsa ntchito. Mkulu wa kampaniyo, Steve Huffman, anawafanizira ndi mabwana odyerera malo obadwa nawo, ndipo ena mwa okana kutsegula anachotsedwa. Mu Malichi 2024 kampaniyo inayamba kugulitsa masheya ake ku New York. Amene anasesa bwalolo kwa zaka zambiri sanafunsidwe maganizo pomwe mitengo inkasinthidwa. Ngati anthu a ku America, odziwa malamulo ndi chilankhulo cha kampani, anagonja chomwecho, nanga mphunzitsi wa pa Boma akadandaule kwa yani?

Kuno kwathu adimini wapanikizika uku ndi uku. Pamwamba pali kampani imene ingatseke tsamba usiku umodzi, pansi pali lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act, lomwe lamangitsa kale anthu chifukwa cha zolemba pa WhatsApp ndi Facebook. Ma adimini ambiri amakhala ndi mantha kuti tsiku lina adzayankha mlandu wa mawu a munthu wina. Ku India, khoti lalikulu la Bombay linagamula mu 2021 kuti adimini sangaimbidwe mlandu pa zolemba membala pokhapokha ngati anapangana naye. Aphungu athu ndi a MACRA aike zoterezi poyera m'malamulo athu.

Kwa eni makampani, zopempha nzochepa: chenjezo asanatseke gulu, chifukwa chomveka, ndi munthu womva Chichewa woti amve dandaulo. Kwa ife mamembala, tisiye kufunsa kuti anamutuma ndani. Tinamutuma ndife, tsiku lomwe tinalowa m'gulu lake nkuyamba kudalira kuti uthenga wa maliro ukafika, ukhala woona.