Mtengo wa chiboliboli uli m'dzina lake

Mawu akuti mtengo ali ndi matanthauzo awiri: wa kunkhalango ndi wa pamsika. Osema ziboliboli ku Dedza akulira nayo yonse iwiri. Mlombwa ndi phingo zikusowa, pomwe ogula amanenerera mpaka wosema kutsala ndi ya sopo yokha.

Gwero lina la vutoli n'lakuti ambiri akusema zofanana. Mavenda khumi akayala njovu ndi mvuu zofanana, kasitomala amangofunsa yotchipa.

Nzeru yotulukira m'vutoli ili m'boma lomweli. Ku Mua kuli malo a chikhalidwe ndi luso a Kungoni, omwe Bambo Claude Boucher adakhazikitsa mu 1976, ndipo akhala akuphunzitsa osema. M'nyumba yosungiramo zakale ya Chamare pamalopa muli zigoba za Gule Wamkulu zoposa 400. Chilichonse chili ndi dzina, ndipo dzinalo limanyamula mwambo kapena chidzudzulo. M'nthawi ya chipani chimodzi, zilombo zina zinkadzudzula atsogoleri mophiphiritsa pomwe pakamwa pa anthu panali potseka. Mlendo amaima nthawi yaitali pa chigoba chifukwa cha nkhani yake.

Wosema wa m'mbali mwa msewu angachitenso chimodzimodzi. Mawu akuti ndale, mwachitsanzo, amanena za boma ndi zipani, komanso za mwendo womwe munthu amatchera mnzake kuti agwe. Mmisiri atasema amuna awiri akugwirana chanza uku akumwetulira, wina atapinga mwendo kumbuyo kwa mnzake, n'kulemba pansi kuti "Ndale", Mmalawi aliyense aseka asanafunse mtengo. Mlendo wakunja akafotokozeredwa, apita ndi nkhani yokakamba kwawo. Chinthu chotero alibe pochiyerekezera, choncho kunenerera kumachepa.

Ena anganene kuti ndale n'zoopsa pa bizinesi. Akunena zoona ngati wosema aika nkhope ya mtsogoleri kapena chizindikiro cha chipani. Boma lidasintha mu 2020, lasinthanso mu 2025, ndipo katundu wa chipani amasasa msanga kuposa thobwa. Amathamangitsanso makasitomala a mbali ina. Koma chiboliboli chodzudzula khalidwe, monga dyera kapena malonjezo onama, chimagulika boma lililonse.

Pali zitatu zoyenera kuchita. Choyamba, chiboliboli chikhale ndi kapepala kofotokoza dzina ndi tanthauzo lake m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Chachiwiri, wosema azokote dzina lake kunsi kuti wochikonda adzamufunenso. Chachitatu, venda wopikula afunse nkhani yake asanalipire, chifukwa wosaidziwa adzachigulitsa pa mtengo wa nkhuni.

Izi sizifuna mpamba wowonjezera. Chipika chomwe chikadatulutsa njovu ina yosagulika chingathe kubweza ndalama ya thabwa, sandipepa ndi polishi, n'kutsalanso ya ufa.