Minofu sigulidwa m'chitini

Aphunzitsi anzanga, ndi inu ana athu amene munadutsa m'manja mwathu, pali khalidwe lina limene lalowa pakati pa anyamata kuno ku Bangula ndipo ine ndikudana nalo. Mnyamata akangoona zithunzi za madolo a zifuwa zikuluzikulu pa Facebook kapena TikTok, basi akufuna afanane nawo mwezi usanathe. Kunyamula zitsulo sindikuletsa ayi. Zitini ziwiri zothiramo simenti ndi chitsulo pakati, imeneyo ndi jimu yokwanira. Chimene ndikukana ndi ufa wa mapuloteni woitanitsa ku Limbe kapena ku Johannesburg, ndi mapiritsi "onenepetsa" amene ana akugulitsana mobisa.

Tiyeni tiwerengere. Munthu wofuna kukuza minofu amafunika mapuloteni okwana pafupifupi magalamu 1.6 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku. Mnyamata wa makilogalamu 60 ndiye kuti magalamu osapitirira 100. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6. Mtedza wolemera magalamu 100 uli ndi 25, soya wouma 36, nandolo wouma oposa 20. Nsomba zouma ndiye osanena, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi mapuloteni okhaokha. Mlamba wa m'Shire ndi m'dambo la Elephant Marsh ukupezeka pamsika pomwepa. Nanga ufawo ukuwonjezera chiyani? Wambiri mwa iwo ndi zotsala za mkaka popanga tchizi, zoumitsa n'kuika m'chitini chokongola.

Mapiritsi ndiye oopsa zedi. Cyproheptadine ndi mankhwala a ziwengo. Amangokupatsa njala ndi tulo, ndipo mwana wotere m'kalasi mumamudziwa, piriyodi yachiwiri ali m'tulo. Dexamethasone amatupitsa nkhope ndi mimba, amakweza shuga, ndipo ukamwa nthawi yaitali amafooketsa minofu yomwe ukuifunayo. Ma steroid okuza minofu amawononga chiwindi ndi mtima, amachepetsanso mphamvu yobereka. Wogulitsa sanena zimenezi.

Wina anena kuti, "Aphunzitsi, mukukamba za mazira pamene ena anagonera nyika pambuyo pa namondwe wa Freddy mu 2023." N'zoona, njala kuno ku chigwa si nthano. Koma n'chifukwa chake ndikukwiya. Mwana amene wabwera kusukulu osadya kanthu safunika ufa. Ndalama ya chitini chimodzi ingagule nyemba ndi usipa wa banja lonse masiku ambiri. Thupi losakhuta ukalikakamiza zitsulo limangodzidya lokha.

Kutentha nakonso. Mu Okutobala ndi Novembala kuno kumadutsa madigiri 40, koma mupeza anyamata akunyamula masana dzuwa lili pamutu, opanda ngakhale botolo la madzi. Nyamulani m'mawa kapena madzulo, katatu pa sabata, muziwonjezera kulemera pang'onopang'ono, ndipo muzigona mokwanira, chifukwa minofu imakula popuma.

Tsono inu a Biology ndi Home Economics, magulu 6 a zakudya amene mumalemba pa bolodi asamathere pa mayeso a MANEB. Muwauze anyamata a Fomu 3 kuti nkhani ya zifuwa zawo ili momwemo. Ndipo a hedi, nthawi ya masewero musamaisandutse ya Masamu. Bungwe la WHO likuti wachinyamata azilimbitsa thupi mphindi 60 tsiku lililonse, pamene m'masukulu ena sabata imatha mpira osatuluka mu ofesi.