Kodi Njedza ndi Bango Mumazisiyanitsa?

Pa Chisi pano tikutaya chuma mwakachetechete: mayina a zomera zathu. Ambirife tikaima pagombe timangoti zonse ndi udzu, chonsecho agogo athu amadziwa kuti bango ndi la mphasa, njedza ndi ya zimbowera za asodzi.

Nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1968 ndi 1995, ndipo mu 2018 inatsala pang'ono kutheratu. Matemba akasowa chotero, wodziwa kukumba nyika, mizu ya kakombo wa m'madzi, sagona ndi njala; wosadziwa angatole chakupha.

Choncho sabata ino pemphani agogo muyende nawo m'mbali mwa nyanja. Funsani dzina ndi ntchito ya chomera chilichonse, mulembe. Mlengi anatipatsa kuti tizisamale, koma tingasamale bwanji chimene sitikuchidziwa dzina?